Bwato limodzi, zaka zitatu: lipoti la msodzi wa matchera wa m'mbali mwa Shire ku Mangochi

Ndine mlangizi wa za usodzi, ndipo ndakhala ndikuyendera madoko a ku Mangochi kwa zaka zingapo. Malipoti amene timalemba mwezi ndi mwezi amakhala a manambala okhaokha: mabwato angati, maukonde angati, nsomba zolemera bwanji. Lino ndi la munthu mmodzi ndi bwato lake, amene ndinamutsatira kuyambira kumayambiriro kwa 2022 kufikira Disembala 2024. Mwini nkhani anavomera kuti ndilembe, bola ndisatchule dzina lawo kapena doko lawo, choncho ndizingoti bambowa. Ndalembamonso mbali imene ine ndinatengapo, ngakhale kuti ina mwa mbaliyo sindinyadira nayo.

Munthu wake ndi madzi ake

Bambowa ali ndi zaka za m'ma 40, ali pabanja ndipo ali ndi ana asanu. Mudzi wawo uli kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi, chakufupi ndi pamene Shire amalowa m'nyanja ya Malombe. Munthu wokhala pamenepa amakhala ndi madzi a mitundu itatu. Pali mtsinje, umene uli ndi mabango, namasupuni, ng'ona ndi mvuu. Pali Malombe, nyanja yosaya, ya matope pansi, imene malo ambiri kuya kwake ndi mamita 4 kapena 5 basi. Kenako kumtunda kuli nyanja yaikulu ya Malawi, imene mafunde ake sayerekezeka ndi a kwina konseko. Chambo chimadziwa njira imeneyi kuposa ife: chimayenda pakati pa nyanja ziwirizi kudzera mu Shire yemweyu, ndipo ndi chifukwa chake malamulo a usodzi amalimba kwambiri pa kachigawo ka mtsinjeka.

Bwato lawo ndi losema, la mtondo, ndipo anachita kusiyiridwa ndi amalume awo. Pamene ndinaliona koyamba linali kale ndi zigamba zitatu za malata zomatidwa ndi phula, ndi ina ya chigubu chosungunula chakutsogolo. Limakwana anthu awiri ndi matchera (maukonde otchera n'kusiya m'madzi), koma osati mokhala bwino. Amene sanakwerepo bwato losema sadziwa kuti m'kati mwake simukhalika ngati m'boti la matabwa. Kukamwa kwake ndi kopapatiza, munthu amakhala pamlomo, miyendo ili m'kati mopanikizana, ndipo thupi lonse limagwira ntchito yoletsa bwato kupendekeka pamene manja ali pa nkhafi. Ankasodza ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka pafupifupi 19, amene ankapalasa kutsogolo ndi kukapa madzi ndi kachigubu kodula.

Usodzi wawo unali wa matchera. Amatchera madzulo, nakaonjola m'bandakucha. Zoyandamitsa ukonde zinali zidutswa za masilipasi akutha, zomiza zinali miyala yomangidwa pa chingwe cha pansi. Pambali anali ndi mbedza za mlamba ndi kampango, ndi miono ingapo m'mabango. Palibe injini, palibe petulo, palibe alovi (antchito a m'boti) ofuna malipiro. Ubwino wa bwato ndi umenewu, ndipo bambowa ankaunena monyadira: tsiku limene sanaphe kanthu, chimene ataya ndi tulo ndi mphamvu basi, pamene mwini boti la injini akabwera chimanjamanja amakhala atawotcha mafuta a ngongole.

Kuipa kwake n'kwakuti bwato limamangirira munthu kufupi ndi gombe. Kumeneko n'kumene aliyense amasodza, n'kumene chambo chimaswana, ndiponso n'kumene ife a malamulo timafika mosavuta. Akuluakulu a m'mbali mwa Malombe amakumbukira mmene chambo chinathera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, mpaka nyanja n'kusanduka ya tinsomba ta kambuzi ndi nkacha, ukonde wokoka wa maso aang'ono wophera tinsombato. Kugwa kumeneku n'kumene kunabweretsa ndondomeko yoti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, imene inayambira pa Malombe pomwepa mu 1993, ndi makomiti a m'madoko amene aliyense amangowatcha ma BVC (Beach Village Committee). Lamulo la za usodzi la 1997 linadzapereka mphamvu ku makomitiwa. Bambowa anakulira m'nyengo imeneyi. Chambo chodzaza bwato amangochimva kwa amalume awo.

Chaka chimene zinayenda

Chiyambi cha 2022 chinawakomera. Mvula inagwa yambiri, madzi anakwera n'kulowa m'madambo ndi m'mabango, ndipo mlamba unatsatira. Munthu wa bwato ndiye amadyerera nyengo yotere, chifukwa amalowa m'tinjira ta m'mabango mmene boti silingakhote. Akazi awo ankawamba milamba pakhomo n'kumagulitsa kwa amayi a geni opita nayo ku Limbe ndi ku Lilongwe. M'miyezi itatu banjali linagula malata a chipinda chimodzi, foni, ndi mbuzi ziwiri. Ndinawafunsa ngati asungako kena kake. Anaseka, nati, "Alangizi, ndalama ya m'madzi imabwerera m'madzi." Ankatanthauza kuti yotsala yonse imapita ku ukonde, chifukwa ukonde sukhalitsa. Ng'ona ikapeza nsomba zakodwa imang'amba chibowo choti munthu n'kudutsapo. Katumbu amadya nsomba n'kusiya mitu. Mvuu ikangodutsa, ukonde wonse wapita.

Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mitengo ya maukonde m'masitolo a pa boma inakwera, poti ambiri ndi ochokera kunja. Matchera awo atatha, bambowa sanagule a ulusi monga kale. Anagula a monofilamenti, aja a pulasitiki oonekera ngati nsinga ya mbedza. Ndi otchipa, ndi opepuka popalasa chifukwa samwa madzi, ndipo nsomba siziwaona, moti amapha ngakhale masana. Ndi oletsedwa. Akang'ambika sasokeka bwino, anthu amangowataya m'madzi, ndipo amapitiriza kukola nsomba pansi pa nyanja popanda wozionjola. Awo analinso a maso aang'ono, okola kasawala, chambo chimene sichinafike masentimita 15 amene lamulo limalola.

Ndinawaona maukondewo ali pa mchenga mu Ogasiti. Ndinawachenjeza pakamwa, iwo anati amva. Tonse awiri tinkadziwa kuti sawataya.

Tsiku lolanda

Mu Novembala, nyanja itatsekedwa kuti chambo chiswane, tinachita chipikisheni pamodzi ndi a BVC ndi apolisi. Nyengo imeneyi chambo chachimuna chimakumba zisa pa mchenga m'madzi osaya, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Ukapha chimodzi wapha banja lonse. Zimenezi ndimaphunzitsa m'misonkhano ndipo ndimazikhulupirira. Tinawapeza bambowa m'bandakucha pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, ukonde uli m'manja, kasawala ali m'bwato. Maukonde onse analandidwa n'kukawotchedwa pamodzi ndi a anthu ena. Analipiranso chindapusa, ndipo mbuzi imodzi inapita pamenepo.

Sanakwiye, sanatukwane. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga aja a usiku, mwawaona?" Ankanena za nkacha zimene zimalowa mozemba nthawi yotseka, ndi matrola, maboti aakulu a injini okoka ukonde, amene asodzi a kunyanja yaikulu amadandaula kuti amakokera m'madzi osaya. Funsolo linali loona. Ife timagwira amene tingamufikire, ndipo wa bwato sathawa. Wa injini akaona tochi yathu amadula chingwe n'kuzimiririka.

Kulandako sindikutsutsa, ukondewo unali woletsedwa ndipo nthawi inali yotseka. Cholakwa changa chinali chakuti nditalemba lipoti la zolandidwa ndinaona ngati nkhani yatha. Sindinabwerereko kukafunsa kuti munthu wa ana asanu, wopanda ukonde, mu Novembala, chimanga cha m'nkhokwe chitatha, achita chiyani. Yankho lake ndinadzalimva patapita miyezi isanu ndi iwiri, ali chigonere pa mchenga akusanza madzi.

Ngongole

Nyengo imeneyo kolera inali itavuta dziko lonse, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, makamaka m'madoko mmene zimbudzi n'zochepa ndipo anthu amamwa madzi a m'nyanja. Mwana wawo wina anagonekedwa ku msasa wa odwala kolera. Anachira, koma mbuzi yachiwiri inathera pa mayendedwe ndi chakudya cha wodikirira.

Pofika Januwale 2023 anapita kwa mayi wina wa geni amene ankagula nsomba zawo nthawi zonse. Mayiyo anawagulira matchera atsopano, a ulusi, a maso ovomerezeka. Panalibe pepala, panalibe chiwongoladzanja chotchulidwa. Pangano linali lakuti nsomba zonse azigulitsa kwa iwo, pa mtengo umene iwo anena, ndipo pa malonda alionse azidulapo kena kake kubweza ngongole. Mchitidwewu uli pa doko lililonse, ndipo anthu ochokera kutali amafulumira kuwatcha amayiwa akuba. Ine sinditero. Palibe banki imene ingabwereke munthu amene chikole chake ndi bwato la zigamba. Mayiyo nayenso ndalama zake anali atatenga ku gulu, zofuna kubweza sabata ndi sabata. Koma zotsatira zake n'zakuti msodzi sakhalanso ndi ufulu wosankha tsiku lopuma. M'mawa uliwonse pa gombe pamakhala munthu ali ndi beseni, akumudikira.

Mu Malichi kunabwera namondwe wa Freddy. Sanagunde Mangochi ngati mmene anachitira ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, koma mvula yake inamiza munda wawo wa kumunsi, chimanga chili pafupi kukhwima. Tsopano ufa womwe unayenera kuchokera m'madzi. Matchera a maso aakulu pa Malombe ankabweretsa chambo chiwiri, chitatu, tsiku lina osapha n'chimodzi chomwe. Ichi n'chinthu chimene ife alangizi sitikonda kuchinena pagulu: pa nyanja imene nsomba zazikulu zinatha, munthu wotsata lamulo la maso a ukonde ndiye amagona ndi njala poyamba.

Mu Juni anaganiza zosamuka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, anatero pondiuza pambuyo pake. Anapalasa kukwera Shire, kudutsa pansi pa mlatho, mpaka kukamanga msasa pa doko lina la kunyanja yaikulu kumene kunkamveka kampango ndi mcheni. Mayi wa geni anawatsatira pa galimoto.

Ngozi

Juni ndi Julaye ndi miyezi ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yozizira, imene imatha kuwomba masiku atatu kapena anayi osaleka. Asodzi a kuno amadziwa mphepo zawo ndi maina: mpoto wa nthawi ya dzinja, vuma wochokera kum'mawa, zambwe wochokera kumadzulo. Koma imene imatchulidwa pa maliro kawirikawiri ndi mwera. Pa Malombe bambowa ankaudziwa, ndipo kumeneko ukavuta munthu amathawira m'mabango. Kunyanja yaikulu kulibe kothawira.

Anatchera Lolemba madzulo nyanja ili bata. Usiku womwewo mwera unayamba. Lachiwiri sanalowe. Lachitatu sanalowe. Chenjezo la a zanyengo analimva pa wailesi ya mnzawo, ndipo anandiuza okha kuti analimva bwinobwino. Lachinayi m'bandakucha mphepo inakhala ngati yagonako, ndipo analowa ndi mnyamata uja. Anafika pa matchera, nayamba kukoka. Ukonde wa ulusi umene wakhala m'madzi masiku atatu umalemera, wadzaza ndere ndi nsomba zoola. Ali pakati pa ntchitoyo mphepo inadzukanso. Bwato linali litalemera mbali imodzi, funde loyamba linathira madzi m'kati, mnyamata anasiya nkhafi kuti akape, bwato linatembenukira m'mbali, ndipo funde lachiwiri linaligubuduza.

Chimene chinawapulumutsa n'chakuti bwatolo silinamire. Linayandama chadodolido, msana uli pamwamba, ndipo onse awiri analikakamira. Choopsa chinali ukonde, umene unakulunga mwendo wa mnyamatayo. Bambowa anali ndi kampeni m'thumba ndipo anaudula, ukonde wa ngongole womwe uja, chidutswa ndi chidutswa, dzanja limodzi lili pa bwato. Amati mnyamatayo ankangobwereza kuti, "Amalume, musandisiye." Anakhala m'madzi ozizirawo kufikira dzuwa litakwera, pamene boti la injini la anthu a chilimira (ukonde waukulu wophera usipa), limene linkathawanso mphepo yomweyo, linawaona. Anawakweza, bwato analikoka ndi chingwe. Matchera onse, nkhafi ziwiri ndi foni zinatsala m'madzi.

Wapampando wa BVC ya pa dokolo anandiimbira, ndipo ndinafika masana pa njinga yamoto. Funso langa loyamba linali la mlangizi: "Bambo, chenjezo munalimva, munaloweranji?" Anayankha mosakweza mawu. Ukonde ukakhala m'madzi masiku ambiri umabedwa, kapena umakokedwa ndi ena, kapena mphepo imausuntha osaupezanso. Ukondewo sunali wawo. Mwini wake anali pa gombe masiku atatu, beseni lili lopanda kanthu, osanena mawu oipa, kungopereka moni m'mawa uliwonse n'kufunsa kuti, "Kaya lero achimwene?" Ndipo kumudzi anali atasiya ufa wa masiku awiri.

Ndikawerenga mmbuyo, ulendo wa Lachinayi uja unayamba tsiku limene tinawotcha maukonde. M'malipoti athu ngozi yotere timailemba kuti "kusamvera chenjezo la zanyengo", ndipo chithandizo chimene timalemba ndi "kuphunzitsa asodzi". Bambowa sankasowa phunziro. Mphepo amaidziwa kuposa ine amene ndinaiphunzira m'kalasi ku sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe.

Zimene tinayesa

Choyamba chinali kukhala pansi ndi mayi wa geni, pamaso pa wapampando wa BVC ndi nthumwi ya amfumu. Zinatenga misonkhano iwiri. Mayiyo analira, nati naye watayikiridwa, ndipo zinali zoona. Tinagwirizana kuti ngongole ilembedwe m'kope la komiti, chiwerengero chake chidziwike, kubweza kuime miyezi iwiri, ndipo ikadzayambanso bambowa akhale ndi ufulu wogulitsa theka la nsomba kwa wina aliyense. Chodabwitsa n'chakuti kufikira tsikulo palibe mmodzi mwa awiriwa amene ankadziwa kuti yatsala ndalama zingati. Aliyense anali ndi nambala yake m'mutu, ndipo zinkasiyana kutali. Mwa zonse zimene tinachita, kulemba m'kope kumeneku n'kumene kunathandiza kwambiri, ndipo sikunadye ngakhale tambala.

Chachiwiri chinali ntchito. Mwini chilimira amene anthu ake anawapulumutsa ankafuna siginala. Pa usodzi wa usipa, siginala amakhala yekha m'bwato laling'ono lonyamula nyali, kale za parafini, masiku ano kwambiri mababu a batire. Amakhala phee mumdima kufikira usipa utasonkhana pansi pa kuwala, kenako amaukokera pang'onopang'ono pakamwa pa ukonde umene maboti awiri akukoka. Ndi ntchito yofuna munthu wodekha, wodziwa bwato, ndipo gawo lake pogawana limaposa la mlovi wamba. Apa bwato lawo lakale linapezanso ntchito. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula itayandikira anapeza bwino, kupatula masiku a mwezi wowala, pamene nyali sizikopa usipa ndipo doko lonse limangosoka maukonde ndi kusewera bawo. Ngongole inatha mu Okutobala 2023. Ubwino wina n'ngwakuti siginala sakhala yekha pa nyanja, maboti amakhala pafupi. Koma iwo sankaikonda ntchitoyi. Ankati munthu amene wakhala bwana wa bwato lake zaka 20 sazolowera kudzutsidwa ndi mwana wa eni ake.

Akazi awo analowa banki m'khonde. Tinapempha gululo kuti lizigawana ndalama kumayambiriro kwa Novembala, osati pa Khirisimasi monga amachitira magulu ambiri, kuti ndalama izifika pamene nyanja ikutsekedwa. Ena anakana poyamba, poti anazolowera kugula zovala za ana pa chikondwerero, koma anavomera kuyesa chaka chimodzi, ndipo chaka chotsatira sanabwezenso.

Majekete oyandamitsa analephera. Bungwe lina linapereka ochepa pa dokolo, ndipo bambowa analandira limodzi. Analivala sabata imodzi. Amati limatentha, limakola ukonde pokoka, ndipo anzawo ankawaseka kuti akuitana ngozi. Nditapitako ndinapeza likugwira ntchito ya pilo mu msasa. Chimene anavomera ndi kumangirira zigubu ziwiri zopanda kanthu, zotseka bwino, m'kati mwa bwato, ndi kumanga kampeni pa chingwe m'chiuno. Sizilowa m'malo mwa jekete, ndipo ndimawauzabe choncho, koma zigubuzo zilipo mpaka lero pamene jekete lija sindikudziwa kumene linapita.

Maganizo ogula boti la matabwa, amene ine ndinawakakamira kwambiri, anafera m'mazira. Tinawerengera mtengo wa matabwa, misomali ndi mmisiri mu Okutobala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo chiwerengero chathu chinasanduka nthabwala. Pambuyo pake ndinazindikiranso kuti boti lopanda injini likanafuna anthu ambiri opalasa, kutanthauza anthu ambiri ogawana nawo nsomba zomwe zija zochepa, ndiponso silikanalowa m'mabango mmene iwo amapezamo mlamba. Ndinkafuna kuwachotsa m'bwato chifukwa ine ndimaliopa, osati chifukwa masamu ake ankatuluka.

Madzi odzaza, minda youma

Chaka cha 2024 chinabwera ndi zake. Nyanja ya Malawi inakwera kwambiri moti inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Pa doko la kwawo mchenga wokokerapo mabwato unamira, matandala oyanikapo nsomba anasamutsidwa kawiri. Nthawi yomweyo kumtunda kunali ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Munthu ankaima pakhomo madzi ali m'mapazi, chimanga kuseri kwa nyumba chitapserera.

Kwa wa bwato, madzi okwera ndi mwayi, ndipo bambowa anabwerera ku mtsinje ndi mbedza ndi miono. Mlamba unalipo. Koma walira mvula walira matope: ng'ona ndi mvuu zinasendera pafupi ndi midzi, ndipo tsiku lina mvuu ya mwana inawathamangitsa n'kugunda bwato kumbuyo, n'kutsegula mng'alu wautali ngati mkono. Komanso amene minda inawakanika onse anatsikira kumadzi, ena ndi masikito, ena ndi mabwato obwereka, anthu osadziwa n'kugwira nkhafi komwe. Nsomba zinachuluka masabata ochepa, kenako ogawana anachuluka kuposa nsomba.

Bambowa anasankhidwa kulowa mu BVC chaka chimenechi. Sindinawakankhire ine, anthu anawasankha okha, mwina chifukwa cha mbiri ya ngozi ija. Pa msonkhano wawo woyamba ananena mfundo imene tsopano ndimaitenga kupita nayo m'madoko ena: komiti ikalanda ukonde, pasanathe sabata ipite kunyumba kwa wolandidwayo kukamva kuti adya chiyani ndipo akabwereka kwa yani. Ena anati imeneyo si ntchito ya komiti. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mfundoyo inalembedwa, ngakhale kuti kutsatidwa kwake n'kwa apo ndi apo. Iwo akapita nawo pa chipikisheni, ndamva kuti salankhula zambiri, ndipo amakana kukhala amene akuyatsa moto.

Mmene zinalili pa ulendo wotsiriza

Ndinawayendera komaliza pakati pa Disembala 2024, nyanja ili yotseka. Ngongole ya ukonde analibe. Anali ndi matchera awiri ovomerezeka, ogula ndi ndalama ya banki m'khonde, atapachikidwa m'nyumba kudikira kutsegulira. Ufa unali wogula pa kambale, ndipo banja linkadya kamodzi pa tsiku, nthawi zina kawiri. Mnyamata uja sanalowenso m'madzi chichitikire ngozi. Anagwira ganyu yonyamula nsomba pa doko, kenako mu Seputembala ananyamuka ulendo wa ku Joni monga achitira anyamata ambiri a boma lino, ndipo anali atatumizapo ndalama kamodzi.

Bwato linali pa mtunda, lovundikira pa miyala. Mng'alu wa mvuu anaumata ndi lata ndi phula, koma pansi pake matabwa afewa moti chala chimalowa. Mmisiri wosema anawauza kuti likapirira kwambiri ndi mvula imodzi. Mtondo, chonya kapena mbawa wa msinkhu wosema bwato sapezekanso pafupi, ndipo wopezeka m'nkhalango za boma ndi mlandu kuudula. Amisiri tsopano akusema mango, amene bwato lake silikhalitsa ngati la mtondo. Pali mtengo wa mango waukulu kwa mnansi wawo umene akhala akuuyang'ana, koma mwini wake akuti ana ake amadya pamenepo mu Disembala, ndipo chaka cha njala ngati cha 2024 sangaugulitse.

Ndikunyamuka anandifunsa ngati mbedza zili zololedwa nthawi yotseka kumbali ya mabango, kutali ndi zisa za chambo. Tinakambirana malo ake, n'kugwirizana kuti akatsimikize kwa wapampando asanalowe. Kenako ndinafunsa kuti poti mnyamata uja anapita, akapa madzi ndani. Analoza mwana wawo wachiwiri, wa zaka 13, amene ali Sitandade 6 ndipo anali atakhala pa msana wa bwatolo akusenda mango. Ndinati mwanayo malo ake ndi kusukulu, ndipo malamulo salola ana pa ntchito ya usodzi. Anati akudziwa, ndi Loweruka lokha. Ndinalemba m'kope langa kuti sukulu zikatsegulira mu Januwale ndikadutse kwa aphunzitsi ake ndikaone kaundula.